Linga m'Zaka za Maliro

Mlendo akafika ku Nkhotakota timamutengera ku mkuyu. Timamuuza kuti pansi pa mtengo umenewu David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kumudandaulira za akapolo amene ankawolotsedwa nyanja pa zombo za matanga, ulendo wa ku Kilwa. Timamusonyeza tchalitchi cha All Saints m'mene munagonekedwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, ndipo dzuwa likakhala likadalipo timapita naye ku Mawira akaone madzi otentha otumphuka pansi. Mbiri imeneyi ana athu amailoweza ku pulayimale.

Ya zaka za maliro sitimuuza mlendo. Ilibe mtengo wake woti tikaime pansi pake, ndipo ambiri amene anaiona ndi maso safuna kuikumba. Ine ndinakulira ku Linga, ku Nkhotakota komweko, m'zaka zimenezo, kuyambira chakumapeto kwa ulamuliro wa Kamuzu mpaka pamene mankhwala otalikitsa moyo anafika. Masiku ano ndikaperekeza maliro kumanda a kwathu ndimawerenga zaka zolembedwa pa mitanda ndi pa ziliza. Wobadwa 1964, womwalira 1997. Wobadwa 1971, womwalira 2001. Pambali pake kamtumbira kakang'ono ka mwana wa miyezi. Achinyamata amene amakumba nawo manda lero amadutsa pa zilizazo osadabwa, chifukwa palibe anawafotokozera kuti mzere wonse umenewo unadzaza m'zaka zosakwana 15.

Boma linatsimikiza za munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi mu 1985. Komatu kachilomboko kanali katafika kale m'mbali mwa nyanja yathu. Ku Karonga, akatswiri amene ankafufuza za khate kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anasunga timadontho ta magazi a anthu pa timapepala, ndipo atadzatiyeza patapita zaka anapeza HIV m'magazi otengedwa mu 1982. Nthawi imeneyo ife ku Linga tinali tisanamve n'komwe dzina lake. Kachilomboka kamakhala m'thupi zaka zisanu ndi zitatu, khumi, munthu akupalasa bwato, akukwatira, akubereka, ndiye maliro amene tinayamba kuwaona m'ma 1990 anali zipatso za mbewu yofesedwa kalekale.

Nkhotakota sinakhalepo mudzi wotsekeka. Chiyambire nthawi ya a Jumbe ndi malo odutsa anthu. Sitima ya Ilala inkaima kuno. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 fakitale ya shuga inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo kunakhamukira amuna ochokera m'maboma onse kudzadula mzimbe, ambiri atasiya akazi kumudzi, kugona m'makomponi miyezi yonse yokolola. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, wochokera ku Salima kulowera ku Nkhata Bay, unabweretsa malole ndi malo ogona alendo. Ndiponso kunali a Theba, amuna okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kuchoka ku migodi ya ku South Africa, chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti anthu ngati 200 mwa iwo anapezeka ndi kachilombo. Wolemba mbiri Wiseman Chirwa anasonyeza kuti eni migodi anali atayamba kale kufuna kuchepetsa antchito ochokera kunja, Edzi inangokhala pothawira. Koma m'midzi mwathu chimene chinatsalira m'makutu mwa anthu n'chakuti matenda abwera ndi a ku Joni, ndipo maganizo amenewa anatipweteka, chifukwa aliyense amene sanapiteko ku Joni anadziyesa wotetezeka.

Dzina lakuti Edzi linkatchulidwa pa wailesi, osati pakhomo. Pakhomo tinkati kaliwondewonde, poona mmene munthu ankathera thupi. Ena ankati magawagawa. Ena, matenda a boma, popeza boma ndilo linkawalengeza. Akuluakulu ankaona zizindikiro zake n'kunena kuti si zachilendo izi, ndi kanyera, kapena tsempho, wina wadumpha mwambo wa mchere, ndipo ankafuna mankhwala a zitsamba amene makolo ankachizira matenda amenewo. Mwamuna akamwalira, mkazi n'kutsatira chaka chamawa, tinkati mtengano. Kenaka kunabwera mawu aja oti Edzi ili mu ufa, kutanthauza kuti monga munthu sangaleke kudya nsima, Edzinso sangaithawe. Ndinawamva mawu amenewa m'kamwa mwa anyamata a pa doko, akuseka, koma kunali kuseka kwa anthu amene ataya mtima.

Za pa doko ndiyenera kuzifotokoza bwino, chifukwa anthu a kumtunda amaziweruza asanazimvetse. Usodzi wa usipa umachitika usiku wa mdima. Siginala amatsogola pa bwato lake ndi nyali, usipa n'kusonkhana pa kuwalako, ndipo alovi a m'maboti amazinga ndi chilimila n'kukoka. Mwezi ukawala nsomba sizisonkhana, anthu amapuma. Mwera ukawomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamatha masiku maboti ali pamtunda. Choncho ndalama ya msodzi sibwera mwezi ndi mwezi ngati ya mphunzitsi. Imabwera m'mawa umodzi, yochuluka, itatsogoleredwa ndi sabata ziwiri za njala, ndipo amene waigwirayo ndi mnyamata amene usiku wathawu anali pakati pa nyanja pamene bwato likagudubuzika palibe womva kukuwa kwake. Munthu wotere ukamuuza za matenda amene adzamuphe patapita zaka khumi, amakuyang'ana ngati ukunena nthano.

Nsomba nazo sizikhala malo amodzi. Usipa ukasowa kuno, mwini zida amanyamula alovi ake kupita ku madoko a ku Dwangwa, ku Nkhata Bay, ku Salima, ena mpaka ku Mangochi, n'kumanga zisakasa za udzu kumeneko miyezi iwiri kapena itatu. Ifenso tinkalandira Atonga ndi anthu a ku Likoma pa madoko athu. Pamene pafika asodzi pamafikanso ogulitsa mowa, ophika tiyi ndi mandasi, ndi amayi a geni ya nsomba ochokera ku Kasungu, ku Lilongwe, ku Ntchisi, atanyamula mpamba wawo m'kansalu komanga m'chiuno. Mayi wotere amagona pa doko mpaka atagula usipa wokwanira, kuuyanika pa thandala, kuulongedza, n'kukwera nawo lole. Tsiku lililonse limene akudikira akudya mpamba.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Nsomba zikachuluka, aliyense amagula. Zikachepa, maboti asanafike n'komwe pamtunda amayi makumi atatu alowa kale m'madzi mpaka m'chiuno, kulimbirana ndowa zisanu. Amene amagulitsidwa ndi amene ali ndi wake m'botimo. Wopanda chibwenzi pakati pa alovi amabwerera ndi beseni lopanda kanthu, ana akumudikira kunyumba. Ena ankapatsidwa nsomba pa ngongole, mtengo ukagwa ku msika n'kulephera kubweza, ngongoleyo inkalipidwa ndi thupi. Amabungwe anadzazitcha kugonana posinthana ndi nsomba, ndipo anthu ambiri akamva amaloza chala amayiwo. Ine ndinawaona amayi amenewa. Ambiri anali amasiye amene amuna awo anali atamwalira kale ndi matenda omwewa, ndipo geni ya usipa inali khomo lokhalo limene linawatsegukira popanda satifiketi kapena munda. Matenda ankapanga amasiye, umasiye n'kuwatumiza ku doko, doko n'kuwapatsa matenda kapena kuwalandira kwa iwo. Chambo chitayamba kusowa m'nyanja, mpikisano pa usipa unangokulirakulira. Onjezanipo likodzo, limene ife a kunyanja tinkaliyesa chizindikiro cha kukula, pamene ofufuza aona kuti limasiya tizilonda m'njira ya amayi timene kachilombo kamalowerapo mosavuta.

Amalume anga anali ndi chilimila, maboti awiri ndi injini. Kwathu kuno amalume ndiwo mwini mbumba, choncho fizi yanga ya ku sekondale, ndi ya ana a alongo awo ena, inkachokera m'chilimila chimenecho. Anayamba ndi mashingozi, amene anawazungulira mbali imodzi ya chifuwa ngati lamba wa moto. Atapola anabwerera pa nyanja. Chaka chotsatira kunabwera chifuwa chachikulu, anagona m'chipatala miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku, monga mmene chithandizo cha chifuwachi chinkakhalira masiku amenewo. Anatuluka atapezako bwino, tinathokoza Mulungu. Kenaka kutsegula m'mimba kosalekeza, zilonda za m'kamwa zoti ngakhale phala linkawawawa. Injini inagulitsidwa kuti apite kwa sing'anga wina kutsidya la Bua. Chilimila chinatsatira. Pomwalira anali munthu woti mayi anga ankamunyamula okha pomusambitsa, mwamuna amene kale ankakoka bwato yekha kulikweza pamchenga.

M'chaka cha 1995 kunamveka mbiri yoti ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, kuli mkulu wina, Billy Goodson Chisupe, amene analota mankhwala ochiza Edzi kuchokera ku khungwa la mtengo. Ankawatcha mchape. Anthu ankhaninkhani ochokera m'dziko lonse anakhamukira kumeneko kukamwa kapu imodzi ya madzi ofiirirawo. Kwathu anthu ankasonkherana kubwereka lole, odwala atagonekedwa pa matiresi kumbuyo, athanzi nawo atakwera kuti akamwe modziteteza. Amalume anapita nawo. Sindiwaseka anthu amenewo, ndipo sindilola wina awaseke. Kuchipatala ankauzidwa zoona, kuti mankhwala palibe, bwererani mukasamalidwe kunyumba. Chisupe yekha ndiye ankanena kuti bwerani, muchira. Amalume anamwalira chaka chotsatira, akazi awo patapita zaka ziwiri, ndipo mwana wawo wotsiriza sanafike pa msinkhu woyamba sukulu.

Pa maliro a amalume, wolankhula m'malo mwa banja anati anadwala nthawi yaitali. Mawu amenewa tinawamva pa maliro aliwonse, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake, koma palibe ankapitirira pamenepo.

Chimene ndimakumbukira kwambiri m'zaka za pakati pa 1996 ndi 2004 ndi kutopa. Adzukulu ankatuluka kumanda m'mawa n'kupeza uthenga wina ukuwadikira, makasu asanatsukidwe. Ku Linga Asilamu ndi Akhristu timakhala khomo ndi khomo, ndipo panali masiku oti jeneza ikutuluka ku mzikiti, kwinaku amayi a yunifolomu ya tchalitchi akuimba potsogolera bokosi, magulu awiriwa n'kupatsana njira pa mphambano. Munthu mmodzi ankagona pa siwa katatu pa sabata. Akalipentala amene ankakhoma zitseko ndi matabwa a maboti anasanduka okhoma mabokosi, n'kumawayala panja pa msewu, chinthu chimene makolo athu akanachiona ngati kuitana imfa. Mafumu ena anafupikitsa masiku okhala pa maliro, chifukwa mpunga unkaonongeka m'madambo anthu ali pa siwa. Chipepeso chinachepa, popeza thumba lomwelo linkapereka mawa ndi mkuja. Kusukulu tinkakhala mapiriyodi opanda mphunzitsi, wina akudwala, ena aperekeza mnzawo. Magalimoto ochokera ku Dwangwa ankadutsa ndi nthambi zobiriwira kutsogolo, kutengera wantchito kwawo ku Nsanje kapena ku Mzimba, mkazi ndi ana atakhala pa katundu pambali pa bokosi.

Njala ya 2002 inatipeza tili choncho. Ife a kunyanja chinangwa chimatipulumutsa, ndipo anthu ochokera kumapiri ankatsika kudzasuma. Koma m'makomo ambiri munalibe woti akazule chinangwacho, kuchiviika ndi kuchisinja kuti pakhale kondowole, chifukwa amene anali ndi mphamvu ndiwo anali pa mphasa.

Nkhondo kapena mliri wa chikuku zimatenga anthu mwa njira yawo. Edzi inasankha a pakati, a zaka 20 mpaka 45, amene amabereka, kulima, kusodza, kuphunzitsa ndi kusunga okalamba. Inasiya ana ndi agogo. Agogo anga aakazi, amene anabereka ana asanu ndi atatu n'kuika m'manda anayi m'zaka zisanu ndi ziwiri, anatsala ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi pakhomo pawo. Ankati, "Ine ndimayesa ndinamaliza kulera, ndiye ndayambanso ndi mano atatha." Ankadzuka m'bandakucha kukapempha usipa wa ndiwo kwa alovi amene kale anali antchito a mwana wawo. Mwambo wathu umati mwana wamasiye kulibe, mwana wa mbale wako ndi wako, ndipo mwambo umenewu unagwira ntchito yaikulu kuposa bungwe lililonse. Koma unalemedwa. Atsikana ankasiyira sukulu pa Sitandade 6 kuti adwazike mayi awo, kenaka n'kukwatiwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa. Anyamata a zaka 12 ankapita kukakapa madzi m'maboti. Kwina achibale a mwamuna ankabwera maliro asanazizire kudzatenga ukonde, njinga ndi malata, ndipo lamulo lolimba loteteza chuma cha amasiye linadzabwera mochedwa, mu 2011.

Ziwerengero za dziko zimagwirizana ndi zimene maso athu anaona. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa amayi 100 alionse oyembekezera, 2 okha ndiwo ankapezeka ndi kachilombo mu 1985. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 anali ataposa 30. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2004 anapeza kuti pafupifupi anthu 12 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali nako. Pa nthawi imene imfa zinafika pachimake, Edzi inkapha Amalawi oposa 60,000 pa chaka, ana amasiye chifukwa cha matendawa anafika cha m'ma 500,000, ndipo zaka zimene mwana wobadwa ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsikira m'ma 40. Mu 2010 chiwerengero chinali pa 10.6 peresenti, koma mosafanana: amayi 12.9, abambo 8.1, Chigawo cha Kumwera 14.5, Chapakati 7.6, Kumpoto 6.6.

Munthu wowerenga 7.6 ameneyo ali mu ofesi angaganize kuti ife a Chigawo Chapakati zinatiyendera bwino. Koma nambala ya chigawo imasakaniza mlimi wa mtedza wa kwa Mwansambo, amene amagona m'nyumba mwake chaka chonse, ndi mlovi amene wagona pa madoko asanu chaka chimodzi. Ku Uganda, m'boma la Rakai m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ofufuza atapatula midzi ya asodzi anapeza kuti anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi kachilombo, pamene m'midzi ya alimi ya boma lomwelo sankafika 2 mwa 10. Nyanja yawo si yathu, koma moyo wa pa doko ndi womwewo, ndipo ine amene ndinawerenga maliro a pa doko lathu sindidabwa nazo.

Chinthu china chimene chimabisa mbiri imeneyi ndi chakuti anthu sanachepe. Kalembera wa 1987 anapeza Amalawi pafupifupi 8 miliyoni, wa 1998 pafupifupi 10 miliyoni, wa 2008 13 miliyoni, wa 2018 oposa 17.5 miliyoni. Boma la Nkhotakota lokha linali ndi anthu oposa 300,000 mu 2008, ndipo pofika 2018 linayandikira 400,000. Ana ankabadwa ochuluka kuposa akuluakulu amene ankamwalira, choncho wongoyang'ana chiwerengero chonse saona bala. Balalo limaoneka ukalowa m'mudzi n'kufunsa kuti anthu a zaka 55 mpaka 65 ali kuti, amene lero akanakhala ankhoswe a maukwati, anamkungwi, eni zida odziwa pamene pali miyala pansi pa nyanja ndi nyengo imene mpasa umakwera mu Bua. Alipo, koma ndi ochepa kuposa mmene anayenera kukhalira. Pali mabanja amene unkhoswe unagwera mnyamata wa zaka 25 chifukwa amalume onse anatha. Nzeru zambiri zimene zimadutsa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana zinadukira panjira, ndipo zimenezi palibe kalembera amaziwerenga.

Chete uja anasweka pang'onopang'ono, ndipo anayamba kumuswa ndi odwala eni ake. Kwa anansi athu ku Salima, namwino Catherine Phiri anaulula poyera kuti ali ndi kachilombo pa nthawi imene kutero kunali kudziitanira chitonzo, ndipo mu 1994 anayambitsa bungwe la Salima AIDS Support Organisation. Anamwalira mu 2003, mankhwala aulere atatsala pang'ono kufika. Kwathu kunali Nkhotakota AIDS Support Organisation, ndi magulu a m'mipingo ndi m'mizikiti amene ankayenda khomo ndi khomo ndi sopo, magolovesi ndi ufa wa phala, kusambitsa anthu amene abale awo ankaopa kuwakhudza. Ambiri mwa oyendawo anali amayi, osalipidwa kanthu, ena akudwala okha. Mu February 2004 Pulezidenti Bakili Muluzi, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko ya Edzi, ananena pagulu kuti mchimwene wake anamwalira ndi matendawa. Kumva mtsogoleri akutchula za m'nyumba mwake kunamasula malilime a anthu ena.

Mankhwala analipo kale kunja kuyambira 1996. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pa K2,500 pa mwezi, ndalama imene mayi wa geni ya usipa sakanaipeza mwezi ndi mwezi, osawerengera thiransipoti. Mu 2004, ndi thandizo la Global Fund, boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala za m'maboma. Madokotala anali ochepa kwambiri, choncho dziko linasankha njira yosavuta: mtundu umodzi wa mankhwala kwa pafupifupi aliyense, piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, operekedwa ndi makiliniko ofesala ndi anamwino. Wodwala ankabwera ndi womuyang'anira, n'kuphunzira limodzi asanayambe kumwa.

Mayi anga aang'ono, amene ankachita geni ya usipa mwamuna wawo atamwalira, anapita nawo kuchipatala pa njinga ya kabaza atawamangirira ndi chitenje kwa wopalasa kuti asagwe. Mayi anga ndiwo anali owayang'anira. Kunyumba tinali titayamba kale kunong'onezana za matabwa. Patatha miyezi itatu anayamba kupempha nsima yachiwiri. Patatha isanu ndi umodzi ndinawapeza akusenza ndowa ya madzi kuchokera kunyanja, ndipo atandiona ndikuthamangira kuti ndiwalandire anati, "Iwe mwana wanga, ndisiye, ndinagona mokwanira." Anthu a m'mudzi amene anabwera kudzawazonda ali pa mphasa ankaima panjira kuwayang'ana. Ndikhulupirira kuti anthu ochira otere ndiwo anatumiza anzawo kukayezetsa magazi kuposa zikwangwani zonse za m'misewu. Ku Karonga komwe kuja, ofufuza anaona imfa za akuluakulu zikutsika m'miyezi yochepa chabe chipatala cha ma ARV chitatsegulidwa mu 2005, makamaka kwa okhala kufupi ndi msewu waukulu.

Mankhwala oyambawo anali ndi zowawa zake. Ankachititsa dzanzi m'mapazi, ndipo ena masaya ankalowa, moti anthu ankamuzindikira womwa poyang'ana nkhope. Achinyamata anawapatsa dzina loti mayunitsi, ngati a foni, akuti munthu wakawonjezera masiku. Kenaka mankhwala anasinthidwa kukhala abwinopo. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuyambitsa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo pa ma ARV a moyo wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, njira imene maiko ena ambiri anadzatengera. Timitumbira ting'onoting'ono tija tinayamba kuchepa. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti 8.9 peresenti ya akuluakulu ali ndi kachilombo, ndipo mwa 100 alionse a iwo, 88 ankadziwa. Lero Amalawi pafupifupi 1 miliyoni ali nako, oposa 900,000 akumwa mankhwala, ndipo zaka zoyembekezeka kukhala ndi moyo zabwerera kupitirira 60.

Pa doko zinthu sizinafike pamenepo. Mlovi amene watsatira usipa ku Nkhata Bay tsiku lake lokatenga mankhwala limamupeza ali kutali ndi chipatala chimene analembetsa, ndipo ambiri amachita manyazi kukapempha kwina. Amene wagwira ntchito usiku wonse m'mawa amagona, nthawi imene chipatala chili chotsegula. Amuna amachedwabe kukayezetsa mpaka atagwa. Atsikana ndiwo akutenga kachilombo kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo, ndipo nsomba zikuchepabe pamene ogula akuchuluka. Mu January 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, limene mbali yaikulu ya ntchito ya Edzi m'dziko muno imadalira, mantha amene ndinawaona pa nkhope za anthu a msinkhu wanga anali a mtundu wina. Achinyamata ankafunsa za ntchito zimene zitha. Ife tinkakumbukira mabokosi oyalidwa pa msewu.

Mayi aang'ono aja tsopano ali ndi zaka za m'ma 60, ndipo atha zaka 20 akumwa mankhwala. Ndiwo okha otsala mwa amayi asanu ndi mmodzi amene ankagawana nawo thandala limodzi. Nditapita kukawaona nthawi yomaliza ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga wa faya, kamdzukulu kawo kali pamsana. Ndinawauza kuti ndikufuna kulemba za zaka zija. Anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kutchula mayina a anzawo asanu aja mmodzimmodzi, mudzi umene aliyense anachokera, ndi chaka chimene anamuika. Atamaliza anati ndikatenge pepala, abwerezenso, chifukwa ana a awiri mwa iwo anatengedwa ali aang'ono kupita ku Kasungu ndipo sadziwa pamene mayi awo anagona.